Wophika wa mu lesitilanti anasanduka mfumukazi: za m'masitudiyo oyamba a ku India

Nachisale: Abale anga a pagulu pano, sabata yonseyi ndakhala ndikuwerenga mmene mafilimu a chimwenye anayambira, ndipo dzulo usiku ndinaseka mpaka mwana kudzuka. Tamvani iyi. Bambo wina dzina lake Dadasaheb Phalke anajambula filimu ya Raja Harishchandra ku Bombay, ndipo anthu anayamba kuionera pa 3 May 1913. Munkhaniyo munafunika mfumukazi, koma mkazi woti aime kutsogolo kwa kamera sanapezeke. Masiku amenewo kuchita zimenezi kunali kuchititsa manyazi mtundu wonse. Anayesa ngakhale kwa akazi oyendayenda, osaphula kanthu. Tsiku lina ali pa lesitilanti ina ku Grant Road anaona mnyamata wogwira ntchito m'menemo, wathupi lowonda, manja osalala, dzina lake Anna Salunke. Mnyamatayo ankalandira ma rupee 10 pamwezi. Phalke anati bwera kwa ine, uzilandira 15. Basi nkhani inathera pomwepo, wophika uja anavala sari, chovala cha akazi a ku India, n'kukhala mfumukazi Taramati.

Achimwene Jere: Kkkkk ayi ndithu! Ndiye kukongola konse timakuona leroku kunayamba ndi mwamuna wa kukhitchini? 😂

Nachisale: Achimwene, dikirani, sindinathe. Amuna amene anapatsidwa mbali za akazi anakana kumeta ndevu za pamlomo, chifukwa pa mwambo wa Chihindu munthu amameta zimenezo bambo ake akamwalira. Ndiye tangoganizani, mwana wameta, bambo ali moyo akumwa tiyi pakhonde. Phalke anachita kukambirana ndi anyamatawo pamodzi ndi azibambo awo mpaka analola. Atameta anawauza kuti azivala sari tsiku lonse n'kumagwira ntchito za amayi, kupeta mpunga, kupera ufa, kuti thupi lizolowere kayendedwe kachikazi. Ndipo Salunke sanalekere pomwepo. Mu 1917, mu Lanka Dahan, anasewera Rama komanso Sita, mwamuna ndi mkazi wake, munthu mmodzi yemweyo. Akuti pofika nthawi imeneyo anali atakhwima thupi moti anthu ankaona minofu ya m'mikono ya Sita.

Madala Gondwe: Mwana wanga Nachisale, wandikumbutsa kutali. Ife tinkaonera mafilimu amenewa m'maholo a kanema kalekale, chinenero osamva, koma kulira tinkalira ndithu. Ine chimene chinandigwira mtima pa nkhani ya Phalke ndi ichi: anawauza antchito ake kuti munthu akakufunsani kumene mumagwira ntchito, muziti ku fakitale ya Harishchandra. Mawu oti fakitale anali ndi ulemu, mawu oti filimu analibe. Mnyamata wonena kuti amapanga mafilimu akanavutika kupeza mbeta. Ndipo zimenezi si zachilendo kwa ife. Kwathu kunonso, pamene ine ndinali mnyamata, ukamayenda ndi gitala pamsana akuluakulu ankakuona ngati munthu wotayika.

Achimwene Jere: Madala, fakitale yopanga chiyani tsono, anthu akafunsa? 😂

Madala Gondwe: Yopanga zithunzi, mwana wanga, ndipo silinali bodza. Atapita nayo filimu ija ku Surat anthu sanabwere ambiri, chifukwa sewero la pa siteji linkatenga usiku wonse pa mtengo wotsika. Iye analengeza kuti bwerani mudzaone zithunzi 57,000, zotalika mamailosi awiri, pa timakobiri titatu tokha totchedwa anna. Anthu anakhamukirako.

Mayi a Tadala: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete ndili pa basi kuchokera kuntchito. Nkhani n'zokoma, koma pali munthu mmodzi amene simunamutchule, ndipo ine zimandiwawa. Mkazi wa Phalke, Saraswatibai. Mayi ameneyu ndiye ankaphikira gulu lonse, anthu oposa 60, m'nyumba ya ku Dadar momwe ankagwirira ntchito. Akamaliza zophika ankasakaniza mankhwala otsukira filimu, kuboola timabowo ta m'mbali mwa filimu usiku, ndipo masana ankaima padzuwa atatambasula nsalu yoyera kuti kuwala kugwere pankhope za osewera. Zokongoletsera zake za golide anazipereka kuti ndalama ipezeke. Lero mphoto yaikulu ya mafilimu ku India, imene inayamba mu 1969, ili ndi dzina la bamboyo. Amene ankatsuka mapoto a anthu 60 timangomutchula podutsa. Ine ndimagwira ntchito za m'nyumba kuno ku Johannesburg, ndikudziwa kulemera kwa poto wa anthu khumi okha.

Nachisale: Mwanena zoona achemwali, ndipo ndikupepesa kuti ndinayamba ndi zoseketsa zokha. Mwamuna wake anamupemphanso kuti asewere mfumukazi ija, iye anakana, n'chifukwa chake anakafika kwa Salunke. Akazi enieni anayamba kuoneka mu filimu yachiwiri ya Phalke, Durgabai Kamat ndi mwana wake Kamlabai.

Wakamera: Moni nonse. Ine ndimajambula maukwati ndi timafilimu tating'onoting'ono, ndiye nkhani ya mawu ndi imene imandifika pamtima. Filimu yoyamba yolankhula ku India, Alam Ara, inatuluka pa 14 March 1931, anaipanga Ardeshir Irani wa Imperial Film Company. Situdiyo yawo inali pafupi ndi njanji, makoma osatchinga phokoso. Sitima ikangodutsa, zonse zaonongeka. Ndiye ankajambula pakati pa 1 koloko ndi 4 koloko usiku, sitima zitasiya kuyenda. Ndodo yolendewetsera maikolofoni kunalibe, ankachita kuibisa pafupi ndi wosewera, ndipo iye asasunthe kwambiri. Nyimbo ankaimba pompo, woimba harmonium ndi wa ng'oma za tabla atabisala poti kamera isawaone. Nyimbo zisanu ndi ziwiri, zonse mwa njira imeneyo!

Nditawerenga zimenezi ndinangokhala phee, chifukwa ndi moyo wanga weniweni. Chaka chatha tinkajambula kachigawo ka mayi akulira mwana wake, m'nyumba yobwereka. Kuseri kwake kuli chigayo. Mayiyo misozi yangoyamba kutsika bwinobwino, chigayo chija gugugugu. Tadikira. Chazima. Tayambanso, tambala. Tathamangitsa tambala, minibasi yaima pamsewu wothandizira akukuwa. Mayi uja anatiuza kuti misozi yake yatha, tibwere mawa. Mapeto ake tinajambula 2 koloko usiku, maikolofoni titaimangirira ndi mphira kunsi kwa tebulo, mnzanga atagona pansi pa tebulopo ataigwira kuti isagwe. Ndiye ndikamva za anthu a 1931 aja ndimawamva ngati abale anga.

Achimwene Jere: Wa pansi pa tebulo uja munamulipira zingati? Ameneyo ndiye ngwazi 😂

Wakamera: Anadya nafe nsima ya usipa m'mawa mwake, ndipo dzina lake ndinalilemba kumapeto kwa filimu. Ndikuonjezereni ina ya Alam Ara yomweyo. Mnyamata wotsogola anali Master Vithal, katswiri wa mafilimu opanda mawu, wodziwa kulumpha ndi kumenya lupanga. Kampani yake yakale inamusumira chifukwa chothawa mgwirizano, ndipo loya amene anamuimira anali Muhammad Ali Jinnah, yemwe uja anadzakhala tate wa dziko la Pakistan. Mlandu anapambana. Koma atafika pa maikolofoni zinadziwika kuti Chihindustani chake n'chopunduka, iye anali wolankhula Chimarathi. Akuti anachita kusintha nkhani kuti nthawi yambiri azioneka ngati wolodzedwa, osalankhula. Filimu yoyamba yolankhula, ngwazi yake duu!

Madala Gondwe: Mawu anagwetsa ambiri. Sulochana, dzina lake lenileni Ruby Myers, anayamba ngati wolumikiza mafoni, n'kudzakhala nyenyezi yaikulu ya mafilimu opanda mawu, moti anthu ankati amalandira kuposa bwanamkubwa wa Bombay. Mawu atabwera anachita kupuma kaye kuti akaphunzire chinenero. Vuto la oimba obisala lija linatha cha mu 1935, pamene a New Theatres ku Calcutta anayamba kujambula nyimbo payokha, wosewera n'kumangoyendetsa milomo.

Wa ku Pune: Akuluakulu, ndalowa mochedwa, kuno ndi usiku kale. Ine ndikuphunzira mu mzinda wa Pune, ndipo malo amene munali situdiyo ya Prabhat ndimadutsapo. Prabhat inayamba ku Kolhapur mu 1929, V. Shantaram ndi anzake anayi, n'kusamukira kuno mu 1933. Panopa pamalopo pali sukulu ya boma yophunzitsa za mafilimu, FTII, imene inatsegulidwa mu 1960, ndipo nyumba zina zakale zikadalipo. Ngakhale msewu wina waukulu pafupi pomwepo dzina lake ndi Prabhat Road. Nkhani imene aliyense amakuuza kuno ndi ya malaya. Cha mu 1946 kunali anyamata awiri osadziwika, wina wosewera, Dev Anand, wina wophunzitsa magule, Guru Dutt. Dobi anasokoneza zovala. Dev akusakasaka malaya ake, anangoona mnyamata wina wawavala akuyenda nawo mu situdiyo. Pamene wina akanayamba ndewu, iwo anaseka n'kukhala mabwenzi. Analonjezana kuti Dev akadzakhala ndi kampani, Guru ndiye adzatsogolere filimu, ndipo zinachitikadi mu 1951 ndi Baazi.

Achimwene Jere: Imani kaye. Mwati dobi? Mawu omwewa agogo anga ankatchulira wochapa zovala?

Wa ku Pune: Omwewo achimwene. Kuno amati dhobi. Tsiku loyamba nditawamva ndinatembenuka kuganiza kuti pali wakwathu.

Nachisale: Tsopano ndikupatseni imene ndimaikonda kuposa zonse. Bombay Talkies, imene Himanshu Rai ndi mkazi wake Devika Rani anaitsegula ku Malad mu 1934. Anabweretsa Majeremani, Franz Osten wotsogolera, Josef Wirsching wa kamera. Kumeneko zinthu zinkayenda ngati pa ofesi: nthawi yolowera, malipiro a pamwezi, kantini imodzi momwe aliyense ankadyera, osayang'ana gulu limene munthu anabadwiramo, zimene ku India wa nthawi imeneyo zinali zodabwitsa. Ndiye mu 1936, ali mkati mojambula Jeevan Naiya, Devika Rani anathawa ndi mnyamata wotsogola mu filimuyo, Najm-ul-Hassan, ulendo wa ku Calcutta. Anthu anakamunyengerera mayiyo mpaka anabwerera, koma mnyamatayo ntchito inathera pomwepo. Nanga filimu itha bwanji? Rai anayang'ana mwa antchito ake n'kuloza mnyamata wa mu labu, kotsukira mafilimu, Kumudlal Ganguly, amene anasiya sukulu ya zamalamulo. Iye sankafuna m'pang'ono pomwe. Osten naye anati nkhope imeneyi siyoyenera. Rai anakakamira, n'kumupatsa dzina loti Ashok Kumar. Mwiniwake ankafotokoza atakalamba kuti masiku oyamba ankanjenjemera, moti pa chigawo china anamudumphira wosewera mnzake nthawi isanakwane mpaka kumuthyola mwendo. Munthu ameneyo anakhala pa kanema zaka zoposa 60, ndipo Kismet ya 1943 inaonetsedwa mu holo imodzi ya ku Calcutta kwa zaka zitatu ndi kuposerapo.

Achimwene Jere: Ndiye kuti bwana sanafunenso mnyamata wokongola pafupi ndi akazi awo, anasankha wamanyazi wa mu labu 😂😂

Madala Gondwe: Jere, seka, koma ona chimene chinapangitsa kuti zitheke. Anthu onse anali pamalo amodzi, olembedwa ntchito, tsiku lililonse. Wa mu labu ankaona zimene wa kamera akuchita, wa kamera ankadya ndi wolemba nkhani. Situdiyo inali sukulu. Mehboob Khan anayamba ku Imperial ngati mmodzi wa mbava 40 za Ali Baba, atabisala mu mtsuko, nkhope osaoneka n'komwe. Pomaliza anamanga situdiyo yakeyake ku Bandra n'kupanga Mother India mu 1957. Raj Kapoor, mwana wa wosewera wotchuka, ankagwira kathabwa komenyetsa kaja poyamba chigawo. Wotsogolera filimu Kidar Sharma ankakamba yekha kuti tsiku lina mnyamatayo anatanganidwa ndi kupesa tsitsi lake, atabwera anamenyetsa kathabwako pafupi kwambiri mpaka kanakola ndevu zomata za wosewera n'kuzizula, dzuwa limene ankalidikira likulowa. Anamuwomba mbama pamaso pa onse. M'mawa mwake anamuitana n'kumupatsa mbali yotsogola. Ine ndimaona kuti dongosolo limenelo linali labwino. Mwezi ukatha ukudziwa kuti ulandira, filimu igulidwe kapena isagulidwe.

Mayi a Tadala: Madala, ndi ulemu wonse, apa ndiye sindikuvomerezani. Mbama pamaso pa anthu ife tikuiseka lero chifukwa womenyedwayo anadzalemera. Nanga amene anamenyedwa osadzalemera, nkhani zawo anazilemba ndani? Mabwana amakonda kunena kuti pano ndife banja limodzi. Ine ndinagwirapo m'nyumba ina momwe ankandiuza zomwezo, kuti ndiwe mwana wathu, koma nditadwala masiku atatu anadula malipiro. Ndipo zimenezo n'zomwe zinachitika ku Prabhat komwe mukukutamako. Shanta Apte, woimba komanso wosewera wawo wamkulu, mu July 1939 anakakhala pa geti ya situdiyo n'kuyamba kunyanyala chakudya chifukwa anamudula malipiro a masiku amene sanabwere. Anthu anasonkhana kudzamuona, manyuzipepala ena n'kumamuseka kuti akungofuna kutchuka. Chaka chotsatira analemba buku lofotokoza mmene makampani amafinyira osewera n'kuwataya akatha ntchito. Mgwirizano unkakumanga zaka, sungasewere kwina, nkhope yako ikulemeretsa eni kampani.

Wa ku Pune: Mayi akunena zoona, nkhani ya Shanta Apte kuno imadziwika. Ndi yemweyonso amene anapita ku ofesi ya Baburao Patel, mkonzi wa magazini ya filmindia amene ankanyoza osewera m'zolemba zake, n'kukamukwapula ndi ndodo.

Achimwene Jere: Mayi ameneyo ndamukonda kale 🙌

Madala Gondwe: Mayi a Tadala, sindikukana. Kudula malipiro a munthu wodwala ndi nkhanza, kulikonse. Koma taonani chimene chinabwera m'malo mwake. Nthawi ya nkhondo yachiwiri kunabwera anthu a ndalama zachinyengo, n'kumakopa nyenyezi ndi ndalama zambiri pa filimu imodzi. Nyenyezi zinachoka, masitudiyo anagwa. Prabhat inatseka mu 1953, Bombay Talkies nayo inatha cha m'zaka zomwezo. Amene anapindula ndi anthu ochepa a nkhope zodziwika. Kalipentala, telala, wa magetsi, amene kale anali ndi malipiro a pamwezi ndi chakudya cha masana, anasanduka waganyu, kudikira pa geti kuti mwina lero aitanidwa.

Mayi a Tadala: Pamenepo tikugwirizana, madala. Waganyu ndiye amavutika koposa, ndikudziwa. Changa n'choti tikamaseka tizifunsanso kuti amene tikumusekayo ankamva bwanji tsiku limenelo.

Nachisale: Achemwali, funso lanulo landikumbutsa nkhani imene ndinaisiya dala poyamba paja chifukwa imayamba moseketsa koma imathera pena. Gulu la Phalke linapita kukajambula kumudzi wa Vangani, iye atatsalira kuti abwera mawa lake. Anyamata anayamba kuyeserera atavala zachifumu, malupanga ndi mikondo m'manja. Anthu a m'mudzi ataona anathamangira kwa nyakwawa kuti kwabwera achifwamba, apolisi n'kudzawanjata onse. Phalke anachita kudzawatulutsa. Mpaka apa timaseka. Koma pa ulendo womwewo mwana wake Bhalchandra, amene ankasewera mwana wa mfumu, anagwa pamwala akusewera n'kuvulala m'mutu mpaka kukomoka. Chigawo chimene chinatsala chinali cha mwana wa mfumu atafa, atagonekedwa pa nkhuni. Ndalama zobwereranso kumeneko panalibe. Bamboyo anamunyamula mwana wake ali chikomokere, kumugoneka pa nkhunizo, kujambula, kenako n'kuthamangira naye kwa dokotala. Mwanayo anachira. Ine monga mayi ndinaika foni pansi nditawerenga pamenepo.

Wakamera: Eee. Imeneyo sindinaidziwe. Ndikunena zoona, mtima umenewo ndimaudziwa, woti dzuwa likulowa, ndalama yatha, tingomaliza basi. Umakuchititsa khungu. Koma mwana wanga ayi, kamera ndikanaisiya.

Madala Gondwe: Ndipo bambo ameneyo anamwalira ku Nashik mu 1944 ali wosauka, anthu atamuiwala.

Achimwene Jere: Mwandikhumudwitsa tsopano. Wina atiuzeko ina yopepuka tisanagone, chonde.

Wa ku Pune: Landirani iyi achimwene. Ku situdiyo ya Wadia Movietone kunali mayi wotchedwa Fearless Nadia, dzina lenileni Mary Ann Evans, wobadwira ku Perth mu 1908, tsitsi looneka ngati golide, wochokera ku masewera a sakasi. Kuyambira mu Hunterwali ya 1935 ankachita yekha zoopsa zonse, kumenya amuna ndi chikwapu, kuwanyamula paphewa, kuthamanga pamwamba pa sitima ikuyenda. Ndipo anzake a mu filimu anali ndi mayina awo pa zikwangwani: hatchi ankaitcha Punjab ka Beta, kutanthauza mwana wamwamuna wa ku Punjab, ndipo kagalimoto kakale kophwasukaphwasuka ankakatcha Rolls Royce ki Beti, mwana wamkazi wa Rolls Royce.

Achimwene Jere: Basi, kuyambira mawa njinga yanga ya kabaza ndi mwana wamkazi wa Rolls Royce, ndikalembetsa kumbuyo 😂

Wakamera: Funso kwa inu a ku Pune: Alam Ara ija ingapezeke poti munthu n'kuionera? Ndikufuna ndimve ndi makutu anga mmene mawu a 2 koloko usiku aja anamvekera.

Wa ku Pune: Pepani achimwene, inatayika, palibe kope ndi limodzi lomwe limene latsala, zangotsala zithunzi. Mafilimu a nthawi imeneyo anali a nitrate, osachedwa kugwira moto, ndipo ambiri ankagulitsidwa kwa anthu ochotsamo siliva. Mwa mafilimu opanda mawu oposa 1,000 amene anapangidwa ku India, otsala sakwana 30, enanso ndi zidutswa chabe. Nyumba yosungira mafilimu ya dziko lonse ili konkuno, inayamba mu 1964, ndipo P.K. Nair ndi amene anayenda m'makomo kutolera zotsalazo, kuphatikizapo zidutswa za mafilimu a Phalke.

Mayi a Tadala: Mwana wanga, ukadzadutsanso pa Prabhat paja undijambulire geti. Ndikufuna ndione pamene anakhala Shanta Apte.

Wa ku Pune: Loweruka ndilibe kalasi, mayi. Ndipita m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndidzaponya pompano.